Kodi Munthu wa M'nthano Anganamiziridwe?

Pakati pa milandu imene ana a anthu amakangana ulipo umodzi umene poyamba umaoneka wachibwana, wosayenera kuti akulu autayire nthawi, koma umene munthu akaukhalira pansi ndi kuusinkhasinkha modekha amapeza kuti mizu yake yatsikira kufikira pa zinthu za chikhulupiriro: ndiwo mlandu wa iwo amene amapsa mtima pamene wina waonjezera kanthu pa nkhani imene aikonda, chinkana nkhaniyo ili yopeka, ndipo anthu ake sanapondepo dziko lino ndi kale lonse. Pakuti wina akanamizira mbale wako pabwalo, tidziwa tonse chifukwa chake mtima uwawa. Koma nanga uwawiranji pamene wonamiziridwayo ndi mfumu ya m'buku, imene ilibe manda, ilibe adzukulu, ndipo singathe kudzaima pamaso pa nyakwawa ndi kudandaula?

Mlanduwu unamveka kwambiri pa nthano za J.R.R. Tolkien, mphunzitsi wa ziyankhulo zakale ku Oxford, amene anabadwira ku Bloemfontein m'chaka cha 1892, nakhala Mkatolika wolimbika kufikira imfa yake mu 1973. Iyeyu analemba The Hobbit, buku laling'ono limene linatuluka mu 1937, ndipo pambuyo pake The Lord of the Rings, nkhani yaitali ya mphete yoipa imene imadya mtima wa aliyense woisunga, yotuluka m'mabuku atatu mu 1954 ndi 1955. Patapita zaka zambiri, Peter Jackson wa ku New Zealand anaisandutsa mafilimu atatu, amene anaonetsedwa mu 2001, 2002 ndi 2003, ndipo kuwaonera onse kunkatenga maola 9 ndi mphindi zingapo. Koma popeza anali atajambula zambiri zimene sizikanaloledwa m'nyumba za kanema chifukwa cha kutalika, anatulutsanso filimu iliyonse pa DVD italumikizidwa ndi zigawo zimene zinadulidwa, kotero kuti onse pamodzi anapitirira maola 11. Pamenepo okonda nthanoyo, amene ena a iwo anali kuwerenga mabukuwo chaka ndi chaka chiyambire ubwana wawo, anayamba kuweruza chigawo ndi chigawo.

Zina mwa zoonjezerazo anazilandira ndi manja awiri. Imfa ya Saruman, mkulu wanzeru amene anapandukira anzake chifukwa cha kusirira ulamuliro, inali itadulidwa m'filimu yachitatu, chinthu chimene chinakhumudwitsa Christopher Lee, nkhalamba yosewera gawolo, imene inakumanapo ndi Tolkien mwini wake. Ndipo pamene chigawocho chinabwezedwa mu 2004 ambiri anakondwa, osasamala kuti m'buku Saruman amafera kwina, kutali, nkhondo yaikulu itatha kale. Koposa apo anakonda chigawo china cha m'filimu yachiwiri, chimene Tolkien sanalembe konse, choonetsa abale awiri, Boromir ndi Faramir, akusangalala pamodzi atapambana nkhondo, kufikira atate wawo Denethor afika, natamanda wamkulu, nanyoza wamng'ono. Pakuti amene anaona zimenezi anati tsopano amvetsa chilonda chimene Faramir ankayenda nacho.

Koma chilipo chigawo china chachifupi chimene ambiri sanachikhululukire kufikira lero. Pa chipata cha dziko la mdani, kazembe wa Sauron, mdani mwiniyo, atuluka kudzanena mawu a mbuye wake, mawu achipongwe ndi achinyengo. M'buku Aragorn, mwana wa mafumu amene akubwerera ku mpando wa makolo ake, sayankha kanthu, koma amuyang'anitsa m'maso kufikira kazembeyo agwidwa ndi mantha, ndipo pomaliza abwerera wamoyo kwa amene anamtuma. M'filimu yotalikitsa Aragorn asolola lupanga namdula mutu nkhani ili pakati. Mngoni wa kwa Gomani, ngakhale sanamvepo dzina la Tolkien, angaone msanga chimene chalakwika, pakuti ndani sadziwa kuti wotumidwa alibe mlandu, ndi kuti mfumu imene ikantha mthenga yatsika yokha pampando, nikhala monga mmodzi wa achifwamba?

Taonani tsono chodabwitsa. Chigawo cha abale awiri chija mulibe m'buku, ndipo chigawo cha kazembe wodulidwa mutu mulibenso. Chikadakhala kuti muyeso unali wakuti chalembedwa kapena sichinalembedwe, zonse ziwiri zikadakanidwa pamodzi. Anthu amene amafuula kuti izi mulibe m'buku sanena chenicheni chimene chawapweteka. Pamene Jackson yemweyo anatenga The Hobbit, kabuku koti mwana akhoza kukamaliza m'masiku ochepa, nakatambasula kukhala mafilimu atatu mu 2012, 2013 ndi 2014, nalengamo mkazi wankhondo dzina lake Tauriel pamodzi ndi nkhani ya chikondi imene wolemba sanailote, dandaulo linali lakuti thobwa lathiridwa madzi kuti zikho zichuluke pamsika. Limenelo ndi dandaulo la wogula, silivuta kulimvetsa, ndipo ena mwa odandaulawo anangotenga mafilimuwo nawadula okha pa kompyuta kufikira atatsala pafupifupi maola 4. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma dandaulo la pa Aragorn ndi la mtundu wina, ndi dandaulo la mboni imene yamva munthu womdziwa akunenedwa zimene sakanachita.

Tisaganize kuti izi ndi za Azungu okha. Amene wayendapo pa Lizulu tsiku la msika, kapena pa Kampepuza, kapena pa Tsangano, wamva phokoso lotuluka m'tinyumba ta vidiyo, momwe anyamata akhala pa mabenchi mumdima kuonera mafilimu a ku China, a ku India ndi a ku America, mawu a womasulira wa Chichewa akuyenda pamwamba pa zonse. Womasulirayo saperewera poonjezera: apatsa anthu a m'filimu maina a kwathu, aika m'kamwa mwawo nkhani za ngongole, za apongozi ndi za mtengo wa feteleza, ndipo pamene osewerawo ali chete iye sakhala chete, komabe palibe amuimba mlandu, m'malo mwake anyamata amafunafuna yemwe adziwa kukometsera koposa anzake. Koma ayese tsiku lina kuika mawu a mantha m'kamwa mwa mwini filimu pamene nkhope yake ikuonetsa kulimba mtima, adzamva nyumba yonse ikung'ung'udza. Ndipo ichi anachiphunzira kale pamoto, pamene agogo anati padangotelo, iwo nayankha kuti tili tonse: pakuti agogo akhoza kuonjezera nyimbo, kusintha dzina la mudzi, kubweretsa nyama imene dzulo kunalibe, ana navomera, akhozanso kulola kuti Kalulu agwidwe ndi Kamba pachitsime, popeza wochenjera amagwa ndi kudzikuza kwake, koma akanena kuti Fisi anapusitsa Kalulu, kapena kuti anaona nyama nakana kudya, ngakhale kamwana ka zaka zisanu kadzati, Iyayi agogo, si choncho.

Pali ena, makamaka mwa ife amene tinakulira m'mipingo yokonda Buku, amene angati mlandu wonsewu unatha kale, pakuti Mose pa Deuteronomo 4:2 analetsa kuonjezera kapena kuchotsa pa malamulo amene anapereka, ndipo Miyambo 30:6 ichenjeza woonjezera kuti adzapezeka wabodza, ndipo Chivumbulutso 22:18-19 chitsekera buku lake ndi temberero loopsa pa yense wochita chimodzi mwa ziwirizi. Mawuwo ndi olemera, ndipo sindifuna kuwapeputsa. Koma boma lathu la Ntcheu lokha likwanira kutiphunzitsa kuti nkhaniyi siyophweka chotero. Ku Nzama, kumene Abambo a Montfort anakhazikika mu 1901, Mkhristu atsegula Baibulo la mabuku 73. Ku Mlanda, mu Sinodi ya Nkhoma, ndi ku Gowa, ndi ku Dombole, mnzake atsegula la mabuku 66. Wina anakulira pa Buku Lopatulika, lomasuliridwa motsogozedwa ndi William Murray ndi kusindikizidwa mu 1922. Wina pa Malembo Oyera a 1966, momwe muli Tobiti, Yuditi ndi Amakabeo, ndiponso nkhani ya Suzana m'buku la Danieli. Wa ku Mlanda ati a ku Nzama anaonjezera. Wa ku Nzama ati a ku Mlanda anachotsa, nakumbutsa kuti Martin Luther mwini wake, m'Baibulo lake la 1534, sanataye mabukuwo koma anawaika padera, ndi kuti bungwe la British and Foreign Bible Society linaleka kuwasindikiza mu 1826. Ngakhale popemphera pemphero la Ambuye pamaliro, wina afika pa Amen mnzake akadali pa ufumu ndi mphamvu ndi ulemerero. Onse awiri aopa temberero la m'Chivumbulutso, ndipo aliyense akhulupirira kuti likunena za mnzake.

Koma chondigwira mtima koposa chili m'mabuku amene onse awiri avomereza. Mipukutu iwiri yakale kwambiri ya Chigriki, Sinaiticus ndi Vaticanus, yolembedwa m'zaka za m'ma 300, imamaliza Uthenga wa Marko pa 16:8, pamene amayi athawa kumanda akunjenjemera osauza munthu kanthu. Ndime 12 zotsatirazo mulibe. Momwemonso nkhani ya mkazi wogwidwa m'chigololo, pa Yohane 7:53 kufikira 8:11, sipezeka m'mipukutu yoyambirira, ndipo m'mipukutu ina ya pambuyo pake yaikidwa m'buku la Luka, ngati mlendo amene afunafuna pogona. Kodi alipo mbusa, kapena wansembe, kapena mayi wa chigwirizano, amene angalole kuti nkhani imeneyi ing'ambidwe m'Baibulo lake, Ambuye wowerama ndi kulemba pansi ndi chala, ndi oneneza akuchoka mmodzimmodzi kuyambira akulu? Mpingo unaisunga, pakuti unamva mmenemo mawu a Mbusa amene unamdziwa kale m'mabuku anayi a Uthenga Wabwino. Ndipo mpingo womwewo unakana buku lina lakale, lotchedwa Uthenga wa Tomasi wa ubwana wa Yesu, limene linayesa kudzaza zaka zimene Alaliki anasiya osanena, nilisimba kuti Yesu ali mwana anatemberera mnyamata amene anamgunda paphewa, mnyamatayo nafa pomwepo. Zifukwa zokanira bukulo zinali zingapo, monga kuchedwa kwake kulembedwa ndi kusadziwika kwa mwini wake. Koma ngakhale Mkhristu wosaphunzira, womva nkhaniyo koyamba, adzanena chimene kamwana kaja kananena kwa agogo.

Chifukwa chake ndiyesa kuti lamulo limene liweruza zoonjezera si la m'Chivumbulutso lokha ayi, koma la pa Eksodo 20:16, loletsa kuchitira mnzako umboni wonama, limene a ku Mlanda aliwerenga lachisanu ndi chinayi ndipo a ku Nzama lachisanu ndi chitatu. Funso latsala ndi lakuti, kodi Aragorn ndi mnzanga?

Tiyambe ndi akufa. Palibe Mchewa kapena Mngoni amene angatsutse kuti wakufa anganamiziridwe. Ndipo komabe wonamizira sakhudza thupi lake, limene labwerera kufumbi, kapena chuma chake, chimene anagawana kale, koma akhudza chimene chatsala cha iye mwa amoyo, ndicho khalidwe lake monga likumbukiridwa, limene ana ake amaima nalo akafuna kudziwa mmene munthu wa mtundu wawo ayenera kukhalira. Munthu wa m'nthano alibe thupi chiyambire, koma khalidwe ali nalo, ndipo iyenso akhala mwa amoyo, nawalangiza mwakachetechete. Mwana amene anaphunzira kwa Aragorn kuti mfumu yeniyeni igwira mkono wake ngakhale itanyozedwa, akaonetsedwa Aragorn wodula mutu wa mthenga, waphunzitsidwa china, ndicho chakuti mkwiyo wa munthu wolungama uloleza zonse. Ndipo wavulala ndi mwanayo. Tolkien mwini wake, m'nkhani imene anakamba ku St Andrews mu 1939, anaphunzitsa kuti munthu amapeka maiko ndi anthu chifukwa analengedwa m'chifanizo cha Mlengi. Ndipo ngati zili choncho, cholengedwa cha m'nthano chili ndi chibadwa chake chimene ngakhale wochipeka ayenera kuchilemekeza.

Amene akukayikabe alingalire mafanizo a Ambuye. Msamariya wachifundo sanalembedwe m'kaundula wa mudzi uliwonse, ndipo atate wa mwana wolowerera alibe dzina. Mlaliki wa kumudzi akamasimba mafanizowa amaonjezera momasuka, nati bulu wa Msamariya anali wotsimphina, mwini nyumba ya alendo anayamba wakana poopa apolisi, mwana uja anamwaza chuma chake ku Joni. Mpingo useka, nuvomera, ndipo palibe tchimo. Koma tsiku limene adzati atate uja, asanamfungatire mwana wake, anayamba wamwerengera ng'ombe zimene anaononga namuuza kuti abweze, tsiku limenelo wanamizira munthu amene sanakhaleko, ndipo mwa iye wanamizira Mulungu.

Komabe tisafulumire kupereka chigamulo chonse kwa opsa mtima, pakuti nawonso ali ndi zofooka zimene sazizindikira. Choyamba cha izo ndi chakuti chimene munthu anayamba kuona amachiyesa choyambirira. M'masewero athu a Khirisimasi anzeru a kum'mawa amalowa atatu, Mariya ali pabulu, ndipo Herode amabangula ndi kugwetsa mipando kufikira ana agwa ndi phwete; koma Mateyu anawerenga mphatso, sanawerenge anthu, ndipo Luka sananene za bulu. Zonsezi zinaonjezedwa, koma kale, ndipo tsobola wakale sawawa. Amene angayese kulowetsa anzeru asanu ndiye adzatchedwa woonjezera. Tolkien yemwe anasintha buku lake: m'kusindikiza koyamba kwa The Hobbit, Gollum, amene ankasunga mphete ija, analonjeza kuipereka ngati mphatso akagonja pa mpikisano wa ndagi, koma mu 1951 wolembayo, ataona kuti mphete yoipa chotero palibe angaipereke mwaufulu, anatulutsa mutuwo atausintha, nafotokoza mochenjera kuti nkhani yoyambayo linali bodza la Bilbo, amene anapikisana nayeyo. Owerenga a lero amateteza ngati choyambirira chimene kwa owerenga a 1937 chikadakhala chachilendo.

Cholemera koposa ndi ichi, kuti nthawi zina timakana choonjezera chifukwa chanena zoona zimene sitifuna kumva. Augustino woyera anaganiza kuti nkhani ya mkazi wachigololo ija inachotsedwa m'mabuku ena ndi amuna a chikhulupiriro chochepa, oopa kuti akazi awo adzapezerapo chilolezo. Kaya anaganiza bwino pa za mipukutu kaya ayi, mtima wa munthu anaudziwa: tikhoza kufuula kuti Ambuye sanganene zotero, pamene chenicheni ndi chakuti chifundo chake chatichititsa manyazi. Momwemo amene ati ndimdziwa Aragorn, kapena ndimdziwa Yesu, adzifunse ngati akudziwa iyeyo, kapena chithunzi chimene wadzijambulira. N'chifukwa chake chiweruzo chotere sichikhala cha munthu mmodzi kapena cha tsiku limodzi. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo zoonjezera nazo zimadziwika zikagonera mibadwo.

Ilipo mbali ina imene sindiipezera yankho lokwanira, ndiyo ya zoonjezera zimene sizinamizira munthu, koma zilanda womvera malo ake. Buku la Estere m'Chihebri silitchula dzina la Mulungu ndi kamodzi komwe, ndipo wowerenga asiyidwa kuti aone yekha dzanja lobisika m'kusowa tulo kwa mfumu; omasulira m'Chigriki anaonjezamo mapemphero a Mordekai ndi Estere, okoma ndi oona, koma akangowerengedwa, ntchito ija ya kufunafuna yatha. Marko wothera pa amayi othawa afunsa wowerenga kuti nanga iwe udzauza yani. Marko wa ndime 20 ayankha yekha, ndipo mwa mayankhowo muli lonjezo la kutola njoka limene linachititsa mipingo ina ya kumapiri a Appalachia ku America kugwira njoka zaululu m'mapemphero, kufikira mtsogoleri wawo George Hensley anafa ndi kulumidwa mu 1955. Filimu ili ndi vuto lomweli mopambana, popeza agogo akalakwitsa usiku uno ana amawabweza ndipo mawa nthano ikonzeka, koma chojambulidwa sichimva kung'ung'udza, ndipo nkhope imene chapatsa munthu wa m'buku imakhazikika m'mutu mwa woonera kotero kuti sangathenso kumlingalira mwa iye yekha.

Zonsezi tsiku lina zidzatifika pakhomo, ndipo pa munthu amene anakhalako ndithu. Inkosi Gomani Chikuse anaphedwa ndi asilikali a boma la Angerezi mu Okutobala 1896, ndipo manda ake ali m'boma lathu lino. Zolemba za atsamunda zimati anaweruzidwa ndi kuwomberedwa. Akulu a Chingoni amasimba kuti anakana kuyendetsedwa ngati kapolo womangidwa, nasankha kufera pomwepo, ndipo pakusimba mbadwo ndi mbadwo ena aonjeza ichi, ena icho. Achinyamata athu ayamba kale kujambula mafilimu awo, ndipo sikudzatenga nthawi kuti mmodzi wa iwo afune kuonetsa tsiku limenelo. Adzayenera kuika mawu m'kamwa mwa Inkosi, popeza filimu silola kuti mfumu ife osanena kanthu. Adzayenera kupatsa nkhope ndi mawu kwa Mngerezi wolamula, amenenso ndi mnzake monga mwa Eksodo, ndipo saloledwa kumnamizira chifukwa chakuti anali mdani. Sadzakhala ndi buku limodzi loti abisalemo, ndipo oweruza ntchito yake adzakhala khamu limene limasonkhana ku Nkolimbo pa Umhlangano, momwe banja lililonse lili ndi kasimbidwe kake, ndipo lililonse lidzati lake ndilo analimva kwa amene analipo.